Chipepeso cha pa Foni

Panali munthu wina, mmisiri womanga nyumba, amene ankakhala m'mudzi wina kumtunda kwa Ntcheu, kufupi ndi malire. Dzina lake sinditchula, kuopa kuti ena mwa inu mungayambe kucheukira ku mabenchi a kumbuyo.

Ntchito itasowa kuno, munthu uyu anakwera basi n'kupita ku Joni. Anasiya mkazi wake, Nangozo, ndi ana, woyamba dzina lake Lonjezo. Anasiyanso mnzake wapamtima, dzina lake Yotamu. Awiriwa anakulira limodzi. Mbuzi ankaweta limodzi, kukwapulidwa ankakwapulidwira limodzi, ndipo njerwa zawo zoyamba anaumba ndi chikombole chimodzi. Kwa Yotamu kutabadwa mwana wamkazi, Yotamu anapempha mnzakeyu kuti ndiye apereke dzina. Anamutcha Esinala. Mwanayo anakula akumuitana kuti atate aang'ono, ndipo akangomuona akulowa pabwalo ankathamanga kukamulandira chikwama cha zida, ngakhale chikwamacho chinkamulemera.

Ku Joni munthu uja anapeza ntchito yomanga, ndipo anaphunzirako zambiri. Anaphunzira kuyenda mofulumira. Anaphunzira moni wa liwu limodzi. Anaphunzira kuti kwa munthu supita usanaimbe foni, ndi kuti chitseko umakhoma ngakhale ukungopita kukataya madzi. Koma chimene anaphunzira koposa zonse ndi kutumiza. Feteleza akafunika, ankatumiza. Fizi ikafunika, ankatumiza. Denga likadontha, ankatumiza. Sindikumunyoza ayi. Ambiri akafika kumeneko amatchona, akazi awo n'kumangomva mphekesera. Uyu sanatchone. Anali munthu wosamala banja lake.

Mvula ili mkati, tsiku lina foni inalira iye ali pamwamba pa khoma. Anali Nangozo. Anamuuza kuti Esinala wamwalira ndi malungo.

Munthu uja anaima ndi njerwa m'manja. Pansi kapitawo ankakuwa kuti matope akuuma. Anaika njerwayo pamzere wake, natenga ina, natenganso ina. Ataweruka anatumiza ndalama za bokosi ndi chipepeso, nalembera Yotamu pa foni kuti, "Pepa, m'bale wanga." Yankho linabwera lalifupi: "Zikomo, zafika."

Misozi sinatuluke. Analibe polirira, chifukwa m'chipinda chimene ankagona munali anthu ambiri, aliyense ndi mavuto ake. Anati ndidzalira tsiku lina. Anawapinda malirowo ngati malaya, nawaika pansi penipeni pa mtima, ndipo m'mawa mwake anapita kuntchito.

Chaka chitatha anabwerera kwawo. Anatsika basi ndi katundu woti njinga imodzi ya kabaza sinakwanitse. Mabulangete, wailesi, mapoto, nsapato za ana. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera, iye mumtima akuti lero ndafika kwathu.

Koma kwawoko kunamusokoneza.

Njira ya kudimba imene ankaidziwa kuyambira ali mwana anaipeza wina atalimapo, anthu akudzera kwina. Galu wa pakhomo pake anamuuwa, poti galuyo anabwera mwini nyumba atachoka. Mwana wake wamng'ono akafuna kukasewera, ankadutsa bambo ake ali chikhalire pakhonde, n'kukapempha kwa amayi ake kukhitchini. Tsiku lokumba kachewere ankalidziwa ndi Nangozo. Woyenera kupatsidwa ganyu ankamudziwa ndi Nangozo. Bambo akafunsa kuti nanga ine nditani, ankayankhidwa mwaulemu wonse kuti, "Pumulani, mwatopa." Tangoganizani, munthu kupumula m'nyumba yako yomwe mpaka msana kuwawa.

Ngakhale thupi lake silinkamumvera. Achikulire akamuimitsa panjira kuti amufunse za ulendo, miyendo inkamuyabwa, n'kumayankha akuyenda. Nthawi zina pakamwa pankapulumuka ka "yebo" ka ku Joni, ana n'kukasekera kuseri kwa nkhokwe. Kutchalitchi anapeza pamalo pake pakhala wina. Inayamba nyimbo yatsopano, mpingo wonse ukuidziwa, iye yekha akungogwedeza milomo. Ankati akayang'ana phiri, phiri ndi lomwe lija. Akayang'ana nyumba, ndi yomwe anamanga ndi manja ake. Koma ankamva ngati wavala nsapato za munthu wina.

Zonsezi akanazipirira. Chimene chinamudya ndi cha Yotamu.

M'mawa wa tsiku lotsatira kufika kwake, Nangozo anali atamuuza kale. Anati, "Bambo a Lonjezo, musanayambe kuyendayenda m'mudzimu, muyambe mwakapepesa kwa a Yotamu."

Iye anati, "Ndinapepesa kale. Bokosi lija anagula ndani?"

Nangozo anamuyang'ana, natola ndowa, napita kumjigo.

Mwambo wathu mukuudziwa. Maliro akachitika iwe uli kutali, ukabwera umapita. Ngakhale papite miyezi, ngakhale pamanda pamere udzu, umapita. Ukafika umakhala pansi. Eni ake amakufotokozera mmene matenda anayambira, mmene anayesera, mpaka mmene anamuikira. Iwe umamvetsera. Palibe chimene umakonza, palibe chimene umabweza. Umangokhalapo.

Munthu uyu anabadwira momwemo, mwambowo ankaudziwa. Koma chaka chimodzi chinamuzoloweza kaganizidwe kena, koti vuto likabwera umafunsa chofunika, umatumiza, nkhani yatha. Ndipo ndikuuzeni zoona, pansi pa zonsezo panali mantha. Pabwalo la Yotamu ndi pamene mwana uja ankamuthamangira. Sankafuna kulowa pabwalo limenelo n'kupeza palibe womuthamangira. Koma zimenezi sankadziuza. Ankadziuza kuti mbali yake anachita, ndipo anachita kuposa aliyense m'mudzimo.

Choncho anatulutsa jekete labwino limene anagulira mnzakeyo, napatsa Nangozo kuti akapereke. Nangozo anapita, nabwerako. Anati, "Akuti zikomo, lafika."

Anadikira kuti Yotamu abwera kudzamuona. Sanabwere.

Anakumana pamsika, Yotamu akukankha njinga. Munthu uja anatambasula manja kuchokera patali, akuitana mnzake ndi dzina la paubwana. Yotamu anaimika njinga. Anavula chipewa. Anapereka moni wa manja awiri, uja timapereka kwa alendo ochokera kuboma.

"Mwayenda bwanji, bambo? Kunyumba kwadzuka bwanji?"

Munthu amene munkalandana naye chimanga chootcha, lero akuti bambo. Sanakwiye, sanatukwane, nkhope ili bwinobwino. Akanatukwana zikanapepuka, chifukwa wotukwana umadziwa pomuyankhira. Anavalanso chipewa chake, nakankha njinga, napita.

Munthu uja anabwerera kunyumba mutu uli zweee. Anayamba kufufuza chifukwa, ndipo anafufuza paliponse kupatula pamene chinali. Kodi jekete lija ndi laling'ono? Kodi ndi nsanje? Kodi wina wandinenera miseche? Kapena akuganiza kuti ndabwera ndi zambiri ndiye ndamumana? Anatumiza shuga ndi sopo. Zinafika. Anatumiza nsalu ya Namaseko, mkazi wa Yotamu. Inafika. Anatumiza foni yatsopano ili m'kabokosi kake. Inafika. Chilichonse chinkafika, ndipo Yotamu ankatalikirabe.

Anapita pamene amuna amasewera bawo, nafunsa ngati pali amene akudziwa chimene walakwa. Mmodzi anakanda m'mutu. Wina anayang'anitsitsa pabawo ngati waona zachilendo. Wachitatu anati, "Kaya, ife sitinamve kanthu." Anthu akuno tikafuna kusamuuza munthu chinthu, timadziwa kusamuuza. Ndiponso ankadzifunsa kuti munthu wobadwira pano, wandevu zake, auzidwe zopita kukapepesa maliro?

Mtima wake unayamba kufooka. Ankati, kuja ndinali mlendo, koma ndinkadziwa kuti ndine mlendo. Kuno sindikudziwa kuti ndine ndani. Ngati Yotamu sakundidziwa, andidziwa ndani? Tsiku lina Nangozo polowa kuchipinda anamupeza watulutsa pasipoti, akuitembenuza m'manja. Nangozo anachita mantha. Ankadziwa kuti ulendo woyamba mwamuna wake anapita chifukwa cha njala, ndipo anabwerera. Akapita ulendo uno, apita chifukwa choti kwawo kwamukana, ndipo otero sabwerera.

Ndiye m'mawa wina munthu uja anadzuka ndi nzeru yatsopano. Nkhope inawala. Anati, ndaidziwa nkhani yake, mphatso zija zinali zazing'ono. Ine ndine mmisiri. Ndimangira Esinala chiliza, choti mudzi uno sunachionepo.

Anapita kukagula simenti. Anagula ndi matailosi omwe, oyera. Anachita hayala ngolo, nakweza zonse, iye akuyenda pambali pa ng'ombe, chifuwa chili patsogolo. Atafika kwa Yotamu sanalowe pabwalo. Anaima kunjira, pafupi ndi ngolo yake, naodira ali pomwepo.

Yotamu anatuluka, nayang'ana matumba aja.

Munthu uja anati, "Ndabweretsa simenti. Ndikufuna ndimange chiliza cha Esinala, cha matailosi."

Yotamu anati, "Mwachita bwino, bambo. Mukamanga pati?"

"Pamanda pake."

"Pali pati?"

Munthu uja sankadziwa. Sankadziwa ngati mwanayo anagona m'manda a m'mudzimo kapena anapita naye kwawo kwa amayi ake. Sankadziwa ngati anamwalirira kuchipatala, panjira, kapena m'nyumba imene ankaiyang'anayo. Sankadziwa kuti anadwala nthawi yaitali bwanji, anakumba manda ndani, analalikira ndani. Pa maliro onse a mwana amene iye mwini anamupatsa dzina, chimene ankadziwa ndi bokosi lokha, ndipo bokosilo sanalione n'komwe.

Yotamu anadikira yankho. Litapanda kubwera, anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Chitseko sanamenyetse.

Mwini ngolo anafunsa kuti, "Titsitse, bwana?" Munthu uja anapukusa mutu. Ng'ombe zinatembenuka, simenti inabwerera kumene inachokera, anthu akusuzumira m'mipanda.

Anafika kunyumba n'kudziponya pakhonde. Manyazi anali nawo, koma kusokonezeka kunaposa manyaziwo. Anali atapereka chachikulu chimene akanatha kupereka, ndipo sichinatsegule chitseko. Patsogolo pake panatsala njira ziwiri. Ina yopita kumsewu, kukakwera basi. Ina yaifupi, yodutsa kuseri kwa nthochi, yokathera pabwalo limene ankaliopa.

Anafunsa mkazi wake ndi mawu otsika. "Nangozo, ndiye ndimutengere chiyani?"

Nangozo anati, "Zotenga zatha, bambo a Lonjezo. Mwatsala inu."

M'mawa mwake anapita chimanjamanja. Abale anga, kwa munthu amene anazolowera kutumiza, kuyenda chimanjamanja ndi ntchito yolemetsa kuposa kusenza thumba la simenti. Manja ankamusowetsa mtendere. Akawaika m'thumba, awatulutsa. Akawapinda kumbuyo, awamasula. Podutsa paokala anaima, mtima ukumuuza kuti gula kapaketi ka shuga kokha, usapite chonchi. Koma anapitirira. Sankadziwa chimene akanene. Sankadziwa ngati akamulandira. Anangopita.

Analowa pabwalo. Panali zii. Palibe anathamanga kudzamulandira, ndipo zinamupweteka monga mmene ankaopera, mwinanso kuposa.

Namaseko anatuluka, namuona, nathamangira kukatenga mpando wa alendo. Munthu uja anaudutsa mpandowo. Anapita m'mbali mwa khoma, nakhala pansi pafumbi, ndi buluku lake la ku Joni lomwelo. Anaweramitsa mutu.

Namaseko anaima ndi mpando m'manja. Anauika pansi pang'onopang'ono. Kenako anakhala pakhomo, nayamba kulira, kulira kwa maliro, ngati mwanayo wamwalira m'mawa womwewo. Amayi oyandikana nawo atamva anatuluka, namanga zitenje, nabwera kudzakhala naye. Palibe anafunsa kuti kwagwanji. Onse anadziwa kuti amene ankadikiridwa uja wabwera.

Yotamu anali kudimba. Anamva kulira, nabwera ndi khasu paphewa. Anaona mnzake ali pansi. Anatsamiritsa khasu kukhoma, nakhala pansi pambali pake, phewa kukhudza phewa. Anakhala choncho nthawi yaitali, onse akuyang'ana pansi.

Kenako Yotamu anayamba kufotokoza. Ananena mmene mwana anabwerera kuchokera kusukulu akudandaula mutu. Mmene anaganizira kuti ndi chimfine. Mmene thupi linatenthera. Mmene mtsinje unadzazira, moti njinga anaisiya kutsidya lino, iye n'kuoloka atabereka mwana kumsana, madzi akulekeza m'chifuwa. Mmene anafikira kuchipatala, ndi mmene anthu a kumeneko anayesetsera. Ananena zonse, mwadongosolo, osathamanga, mnzake akumvetsera.

Atafika kumapeto anaima kaye, napukuta kumaso ndi dzanja.

"Ali kuchipatalako ankafunsa za iwe. Ankati, atate aang'ono akabwera ndidzawaonetsa kuti ndayamba kulemba dzina limene anandipatsa."

Anapuma, napitiriza. "Nkhani ya malirowa ndafotokozera mudzi wonse. Koma mawu amenewa ndinasungira iwe. Ndikanawatumiza bwanji pa foni?"

Pamenepo ndi pamene munthu uja analira. Analira misozi imene inalephera kutuluka pamwamba pa khoma ku Joni. Analira mokweza, bambo wamkulu, mamina ndi misozi kusakanikirana, osasamala kuti amayi akumuona. Yotamu sanamutonthoze. Analira naye.

Atatha, Yotamu anati, "Mawa tipempha kuti tilowe kumanda, ukaone pamene anagona. Za simenti tidzakamba nthawi ina."

Sindikunena kuti zonse zinalongosoka tsiku lomwelo. Panatenga nthawi kuti munthu uja azolowerenso kwawo, ndipo zina sanazimvetse mpaka kalekale. Koma basi ija sanakwere.

Tsopano tamverani, abale ndi alongo, chifukwa fanizoli si la anthu a ku Joni okha. Ena a inu simunadutsepo ngakhale pa Mwanza, koma kwa Mulungu ndinu otumiza.

Chopereka chanu chimafika. Ana anu amafika ku Sande sukulu, mwawasambitsa bwino. Akazi anu amafika, amakuimirirani ku mapemphero a pakati pa sabata. Pakafunika malata a tchalitchi, dzina lanu limatchulidwa, timaomba m'manja. Ena mumabweretsa ndi thupi lomwe, koma mumaliimika kunjira, pafupi ndi ngolo, osalowa pabwalo. Kenako mumadabwa. Mumati, bwanji ndikapemphera zimakhala ngati ndikupatsana moni ndi mlendo? Ndalakwa chiyani, poti ndimapereka? Mumasokonezeka, ndiye mumaonjezera. Mumaonjezeranso. Ena mumafika potopa, n'kumati mwina Mulunguyu sandifuna, bola ndingochoka.

Mulungu sanakane mphatso zanu. Zafika, ndipo zikomo. Koma akudikira mwini wake.

Ndipo chimene chimatiletsa kulowa nthawi zambiri si mwano ayi. Ndi mantha. Aliyense wa ife ali ndi bwalo limene safuna kulowapo. Kwa wina ndi tchimo limene sanalitchulepo ndi pakamwa. Kwa wina ndi chisoni chimene anachipinda n'kuchibisa. Timadziwa kuti tikakhala pansi pamaso pa Mulungu, chimanjamanja, popanda chotchingira nkhope, zimenezo zituluka. Ndiye timathamangira kukagula simenti.

Koma taonani chimene Iye mwini anachita. Ife titagwa m'maliro athu a uchimo ndi imfa, sanakhale kutali n'kumangotumiza. Anabwera yekha. Anaudutsa mpando wa alendo. Anakhala pansi m'fumbi lathu, phewa kukhudza phewa, ndipo analira nafe. Mulungu wotere simungamulipire. Mungathe kungobwera kwa Iye.

Ngati pano pali wina amene ali ndi Yotamu wake, m'bale amene mwakhala mukumutumizira zinthu pofuna kupewa nkhope yake, tikatuluka muno musapite kwanu kaye. Dzerani kumeneko. Musagule kanthu panjira.

Ndipo kwa Mulungu chitani chimodzimodzi. Lekani kufunsa kuti nditenge chiyani. Lowani, khalani pansi, mumvetsere. Ali ndi mawu amene akusungirani inuyo nokha, ndipo sadzawapatsira mkazi wanu, mwana wanu, kapena ine mlaliki kuti ndikubweretsereni. Adzakuuzani mukabwera.